Ambuya Belita, Otcheza Kachasu a ku Nsefu

Mwezi uno wa Okutobala chakwana chaka chimwalirireni Ambuya Belita Sakala, koma mpaka lero anthu kuno ku Nsefu sanagwirizane ngati tinaika munthu wabwino kapena woipa. Mkanganowo unayambira pamaliro pomwepo. Akulu ampingo anakaniza kwaya kuimba, ati munthu amene watcheza kachasu moyo wake wonse sangaperekezedwe ndi nyimbo za Mulungu. Achibale awo ochokera ku Katete anakhala pamthunzi, maso ali kukhola la mbuzi. Chimene chinadabwitsa aliyense ndi gulu la azimayi amene ambiri a iwo sitinkawadziwa. Ena anachokera ku Nkwali, ena ku Chinzombo, ena m'makampu a masikauti a zanyama, ena atabereka ana kumsana, ena akuwakoka padzanja. Sanakhale pamodzi ndi ife. Anayala zitenje zawo chapatali, ndipo mtembo utanyamuka anayamba okha nyimbo, osakonzekera, wina kutsogola wina kutsalira. Mayi wina wa mumpingo mwathu anandikodola n'kunong'ona kuti, "Makasitomala awo amenewo." Sananame ayi, koma nkhaniyo ndi yaitali kuposa pamenepo.

Ine ndinali neba wawo. Iwo anatsika kuchigwa kuno kalekale, kuchokera ku Katete, kudzalima thonje ndi amuna awo. Ife tinabwera pambuyo pake kuchokera ku Chadiza, ndipo tinawapeza ali kale amasiye. Mwana analibe, sanaberekepo. Anali aafupi, ouma thupi, a maso aang'ono osaphethira msanga. Malire a malo athu anali mzere wa nkhadze. Ankanditchula kuti aneba, ine n'kumawatchula kuti Ambuya monga ankachitira aliyense.

Sankakhulupirira munthu. Mchere ankaulawa wogulitsa akuona. Ukawapatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji, Ambuya?" ankayamba akuyang'ana m'manja kuti wanyamula chiyani, kuyankha pambuyo. Chikunda, chiyankhulo cha eni dera lino, sanachigwire bwino ngakhale anakhala kuno zaka zonsezo, ndiye anthu awiri akamayankhula Chikunda n'kuseka, iwo ankatsimikiza kuti akunenedwa. Pamaliro sankadya. Madzi ankakatunga okha kumjigo ngakhale msana utayamba kuwavuta, ati sangamwe madzi amene sanaone mmene alowera mundowa. Ankakonda kunena kuti munthu akakuyamikira m'mawa, udikire, abwera madzulo ndi chimene akufuna. Tsiku lina nkhuku yawo itasowa, anabwera kudzafukula kudzala kwanga ndi ndodo, kufuna nthenga. Atapeza pambuyo pake kuti inagwidwa ndi vumbwe, sanapepese. Anangoti vumbweyo anadzera kwanga.

Nafenso tinkawakayikira, ndipo zifukwa zinalipo. Kachasu wawo wa masawu anali wotchuka mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Lupande. Azibambo ankamwera kutsogolo, pansi pa mtengo wa bwemba, koma azimayi ankazembera kuseri kwa khitchini, ndipo ena mwa azimayiwo tinkawaona ndi maso athu kuti ali ndi pakati. Mayi wosabereka, wokhala yekha, wosapita kutchalitchi, n'kumazunguliridwa ndi amayi oyembekezera: anthu sanasowe chonena. Ena ankati amachotsa mimba. Ena ankati amagulitsa mankhwala ofulumizitsa matenda a kubereka. Ena ankanena zoopsa kwambiri zimene sindingazilembe pano. Mkazi akapita padera m'dera lathu, funso loyamba linkakhala lakuti kodi anapondako kwa Ambuya Belita.

Chimene ankachita kuseri kuja m'zaka zawo zomaliza ndinachiona ndekha, chifukwa nkhadze sizibisa kanthu. Mayi wapakati akafika ndi kabotolo kake m'chitenje, Ambuya sankamugulitsa. Komanso sankamuthamangitsa. Ankamukhazika pamphasa, kumupatsa chipanda cha thobwa ndi lichero la mtedza woti aswe, kenako n'kuyamba kumufunsa ngati wapolisi. Mimba ili ndi miyezi ingati. Kusikelo anapita liti. Mwamuna ali kuti. Dzulo anamwera kwa ndani. Ukanama ankadziwa, chifukwa iwo ankayamba ndi kuganiza kuti ukunama. Mimba ankaiona mwiniwake asanauze ngakhale mwamuna wake. Mapeto a mafunsowo ankakhala amodzimodzi: kupangana tsiku lopitira limodzi kukiliniki. Ena ankavomera. Ena ankawatukwana n'kupita kugulosale kukagula timabotolo ta mowa waukali, ndipo Ambuya ankadziwa kuti akupita kumeneko. Ankanena kuti mayi woteroyo ukamuthamangitsa sunamuletse kumwa, wangomuchotsa pamaso pako.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake amayi amenewa ankafunika kuperekezedwa, ayenera kudziwa mmene tsiku la sikelo limakhalira kwathu. Amayi amakhala pamzere pakhonde la kiliniki, mudzi wonse uli pomwepo, apongozi ako, a kwaya, akazi a anzake a mwamuna wako. Fungo la kachasu silibisika, ngakhale utafune masamba a gwafa njira yonse. Amene wakhala naye pafupi amasuntha pang'ono, n'kuyang'ana mnzake. Nesi akakudzudzula mokweza, nkhaniyo imakafika kumudzi iwe usanafike. Pamwamba pa manyaziwo panalinso mantha. Amayi ankauzana kuti ukavomera kuti umamwa, dzina lako limapita kupolisi, kapena kwa amfumu, kapena mwana akabadwa amakulanda. Sindinaonepo zoterozo zikuchitikira munthu, koma zinkakhulupiriridwa. Ndiye mayi wakumwa ankapita kamodzi, osabwererakonso, n'kumadikira kunyumba mpaka tsiku lobereka.

A Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, anakanganapo nawo pa nkhani imeneyi ine ndili pomwepo. Anabwera masana, ataphaphatira Baibulo, n'kukana kukhala pampando.

"Amayi, tamva kuti mumaperekeza amayi kuchipatala. Ndi ntchito yabwino. Koma akumwawo anaphunzira kuti?"

"Funsani amuna awo," Ambuya anayankha akusonkhezera moto.

"Ndikufunsa inu. Siyani diramu yotchezerayi, mubwerere kumpingo."

"Amayiwa ndikawapeza kumpingo kwanuko?"

A Mbewe anayamba kutchula mayina a azibambo a m'dera lathu amene anatupa mimba, maso achikasu, n'kumwalira, onse omwera pansi pa bwemba uja. Anawatchula mmodzimmodzi, modekha, pamodzi ndi mayina a akazi awo amasiye. Ambuya anaimirira, kulowa m'nyumba, kutseka chitseko. Sanatulukenso mpaka a Mbewe atapita, ndipo sindinawamvepo akuyankha mlandu umenewo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mawa lake moto unayaka pansi pa diramu monga mwa masiku onse.

Koma sikuti ankakana kugulitsa kwa amayi apakati kuyambira kale. Poyamba ankagulitsa kwa aliyense wobwera. Chinawasintha ndi nkhani ya Misozi, ndipo imeneyo ndinaliko.

Misozi anali mkazi wa sikauti wina, a Zulu, wa pakampu ya kufupi ndi malire a paki ya nyama. Anali wamng'ono, wochokera kumtunda ngati ife, wopanda m'bale aliyense kuchigwa kuno. Mwana wake woyamba anamwalira ndi malungo asanayambe kuyenda, mwamuna ali kutchire pa patirolo, ndipo anamuika yekha ndi akazi a masikauti anzake. Kuyambira pamenepo anayamba kumwa. Atatenga pakati pena anapita kusikelo kamodzi. Nesi wa nthawi imeneyo, Sisita Mwanza, mayi wamkulu thupi wa mawu omveka kutali, anamva fungo n'kumufunsa pakhonde pomwepo ngati akufuna kubereka mwana kapena botolo. Amayi anaseka. Misozi sanapondekonso.

Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. M'mawa wina Ambuya anaima pa nkhadze n'kundiitana.

"Aneba, njinga yanu ili ndi mpweya?"

"Ili nawo. Mukupita kuti, Ambuya, matope onsewa?"

"Kukiliniki. Ndipo simundibwereka njinga yokha, mupita nanu. Ndikufuna mboni."

"Mboni ya chiyani?"

"Mwana wa eni akakafera m'njira, anthu adzati ndamudya ine. Inu ndinu a kutchalitchi, adzakumverani."

Ndinapita kuseri kwa khitchini. Misozi anali atakhala pansi, atatsamira khoma, mimba ili apo. Mapazi anali atatupa moti mapatapata anawasiya pambali. Nkhope nayo inali yotupa, maso atachepa. Ankanunkha kachasu. Anati mutu ukumuwawa ngati akuukhoma misomali, ndiponso akuona timoto tikuwala m'maso dzuwa lili phwee.

"Sindipita," anatero atangoona njinga. "Akanditukwana pamaso pa anthu."

"Akatukwana ine, ndine wamkulu," Ambuya anayankha.

"Akandimangitsa, Ambuya. Akauza a Zulu."

"A Zulu sadziwa kuti umamwa? Amagona kuti?"

Misozi analira, anakana, anagwira mzati. Pomaliza anavomera pamfundo imodzi, yoti tidikire mpaka mzere wa pakhonde utatha. Ambuya anavomera, nanenso sindinatsutse. Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Njira ya kwathu nthawi ya mvula ndi makande okhaokha, dothi lakuda lomata. Misozi anakhala pakaliyala, ine ndikukankha, Ambuya akutsatira opanda nsapato, akukolokosa matope m'matayala ndi ndodo yawo pang'onopang'ono. Penapake tinapeza ndowe za njovu zikadali nthunzi, ndipo Ambuya anatiimitsa, kununkhiza mphepo, n'kutilowetsa njira ina yodutsa m'munda wa chimanga cha eni ake. Misozi anasanza kawiri.

Tinapeza pakhonde palibe munthu. Sisita Mwanza anali akusonkhanitsa zipangizo zawo. Atationa anaima n'kugwira m'chiuno.

"Eee, lero ndiye lero. Mwandibweretsera kasitomala wanu?"

"Ndabweretsa wodwala," Ambuya anatero. "Tilowe, mutseke chitseko."

"Pano si pashabini panu poti muzilamula."

"N'chifukwa chake ndikupempha. Tsekani chitseko."

Sisita anayang'ana mapazi a Misozi, n'kuyang'ana nkhope yake. Anatilowetsa tonse n'kutseka. Anamumanga lamba wopimira magazi pamkono, kupopa, kuyang'ana, kupopanso. Nkhope yawo inasintha.

"Misozi, wamwa lero?"

"Ayi, Sisita."

"Wamwa," Ambuya analowerera. "M'mawa, kwa ine, ndisanamuone mapazi. Dzulo anamwanso. Ndipo samwera kwa ine kokha, amagulanso timabotolo kugulosale."

Misozi anawayang'ana Ambuya ngati amuponda pachilonda. Sisita sanakweze mawu. Anati ayenera kudziwa zoona chifukwa cha mankhwala amene akufuna kumubaya, ndipo anamufunsa Misozi mafunso ena motsitsa, iye n'kumayankha akuyang'ana pansi. Kenako anatembenukira kwa ife.

"Mutu unayamba liti?"

"Anafika nawo m'mawa."

"M'mawa! Nanga mwakhala mukudikira chiyani tsiku lonseli?"

"Kuti anthu achoke pakhonde."

"Magazi ake athamanga moti akanatha kukomoka n'kuyamba kuphupha panjira. Mukanamupha ndi manyazi anuwo, iye ndi mwana yemwe."

"Manyaziwo anawatenga pano," Ambuya anatero.

"Mowawo anautenga kwa inu."

Onse awiri anayang'anana, ndipo ine ndinaona kuti aliyense wa iwo wamva. Sisita anamubaya Misozi jakisoni, kumuika diripu, n'kuimba foni kuchipatala chachikulu. Anayankhidwa kuti ambulansi ibwera, koma siingawoloke mtsinje, madzi adzaza. Tikakumane nayo kutsidya.

Bambo wina wa pafupi ndi kiliniki anabwera ndi njinga yamoto. Misozi anakhala pakati, Sisita kumbuyo atakweza botolo la diripu m'mwamba, yunifolomu yoyera ija ikuthimbirira ndi matope. Ife tinatsatira pansi. Titafika pamtsinje tinapeza akumulowetsa m'bwato. Sisita sakanatha kusiya kiliniki yopanda munthu, ndiye panafunika wina woti awoloke naye ndi kukamudikirira kuchipatala. Ine ndinali ndi ana aang'ono kunyumba. Tonse tinayang'ana Ambuya.

Ambuya Belita ankaopa madzi, ndipo opalasa bwato ankawatenga ngati zidakwa zonse, poti ambiri anali makasitomala awo. Anamuyandikira wopalasayo, kumununkhiza kukamwa anthu akuona, kugogoda bwato ndi ndodo, kenako n'kukwinya chitenje chawo kulowa. Sisita anawapatsa botolo la diripu n'kuwauza kuti asalitsitse. Ndinawaona akuwoloka madzi ofiira aja atatseka maso, mkono umodzi uli m'mwamba. Ali pakati pa mtsinje anakuwa osatsegula maso: "Aneba! Mbuzi zanga ndimazidziwa zonse!"

Anakhala kumeneko masabata angapo, akugona pansi pamalo ogona odikirira odwala, akuphikira Misozi, akumuchapira. Zofufumitsa zimene anasiya m'migolo zinawola, nyumba yawo n'kununkha mudzi wonse. Misozi anamuchita opaleshoni. Mwana anabadwa wamwamuna, wochepetsetsa, koma wamoyo. Ambuya atabwerako, asanalowe n'komwe m'nyumba, anapita kukhola kukayang'ana mbuzi iliyonse m'kamwa, kuopa kuti mwina ndawasinthira ndi zokalamba.

A Zulu anatuluka kutchire nkhani itafalikira kale, ndipo imene anaimva pakampu inali yakuti Ambuya Belita amwetsa mkazi wawo mankhwala kuti atenge mwana. Anafika atavala yunifolomu, anagwetsa diramu ndi jombo, anaswa mabotolo, anawatchula kuti mfiti anthu akumva. Ambuya anakhala pampando wawo osasuntha. A Zulu atatopa, Ambuya anangoti, "Bambo, pitani mukaone mwana wanu. Diramuyi mudzaipeza, siithawa." Ine ndinafotokoza zimene ndinaona, poti ndi ntchito imene ananditengera. A Zulu anamvetsera, koma anachoka akundiyang'ana ngati nanenso andidyetsa kanthu. Sanabwerenso kudzapepesa, ndipo Ambuya sanayembekezere.

Mwanayo anakula, ali pasukulu tsopano. Ndi wochepa thupi kuposa anzake, anachedwa kuyankhula, ndipo zophunzira sizimukhalira m'mutu. Sisita Mwanza ananena mosabisa kuti ndi mowa umene anamwa ali m'mimba, ndipo anawauza Ambuya pamaso kuti kwa mayi wapakati palibe mowa wochepa, ngakhale kachivindikiro kamodzi. Misozi akabwera naye kudzacheza, Ambuya ankamupatsa mwanayo mtedza wokazinga, koma sindinawaonepo akumuyang'ana kumaso. Kuyambira nthawi imeneyo ndi pamene anasiya kugulitsa kwa amayi apakati. Misozi mwiniwake anasiya mowa, anayambiranso, anasiyanso. Pano amachapa zovala pa loji ina ya alendo ku Nkwali, ndipo ndi iye amene anauza amayi ena za malirowo.

Ambuya ndi Sisita Mwanza sanakhalepo mabwenzi. Anangozolowerana ngati anthu olima minda yoyandikana. Ambuya ankafika ndi amayi awo chakumasana, m'ma fotini, mzere utachepa, koma wotupa mapazi kapena wotaya magazi sankamudikiritsanso. Sisita anayamba kufunsira za mowa m'chipinda, chitseko chili chotseka, ndipo wina atawafunsa chifukwa chake anati pakhonde pamawomba mphepo. Komabe mayi aliyense wobwera ndi Ambuya, Sisita ankamumasula mpango ndi kumuyang'ana m'chiuno, kufuna mizu ndi zithumwa, poti sanasiye kukayikira kuti kuseri kwa khitchini kuja kumaperekedwa mankhwala achikuda. Ambuya nawo mapilitsi alionse amene amayiwo apatsidwa ankabwera nawo kwa ine kuti ndiwawerengere zolembedwa papaketi, ndipo ndikawerenga ankakafunsanso mphunzitsi wina kuti aone ngati tifanane. Sisita Mwanza atasamutsidwa kunabwera nesi wachitsikana, waulemu, wosekerera aliyense. Ambuya anamukayikira kuposa woyamba uja. Ankati wokalipa uja ankadziwika pamene waima.

Si onse amene anapulumuka. Falesi, mkazi wa msodzi wina, anapangana nawo tsiku kawiri konse, osabwera. Ambuya anamulondola mpaka kumisasa ya asodzi, iye n'kubisala m'bango. Anaberekera komweko mwana wakufa kale, ndipo anthu ananenanso kuti anapondako kwa Ambuya Belita. Iwo atamva sanadziteteze. Anakhala masiku angapo osayatsa moto pansi pa diramu, azibambo n'kumabwerera ndi mabotolo opanda kanthu.

Tsiku lina tikupeta mapira ndinawafunsa.

"Ambuya, mumavutikiranji ndi ana a eni, anthu n'kumakunenani chonchi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kufufuza amene wandituma.

"Wakufa sagula," anatero.

Ndinadikira kuti aseke, koma sanaseke. Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona, kapena ankangofuna kuti ndisafunsenso. Ndimangodziwa kuti wamalonda sasiya migolo yake ikuwola kuti akagone pasimenti chifukwa cha kasitomala mmodzi. Ndimadziwanso kuti amayi amene anawakana kachasu ali ndi pakati, ambiri anabwerera kudzagula atabereka, ndipo iwo anawagulitsa.

Atadwala chaka chatha, nthawi yotentha ija imene ngakhale mbuzi zimabisala, anakana kupita kukiliniki. Ndinawachonderera, ndinabweretsa njinga mpaka pakhomo. Nesi wachitsikana uja anabwera yekha kudzawaona, iwo n'kubisa mkono m'chitenje.

"Ambuya, inu amene mwaperekeza anthu onse aja, mukuopa chiyani?" ndinawafunsa.

"Ine ndilibe pakati," anayankha. "Ndikapita kumeneko adzati kachasu wamubwezera. Ndifere pano, anene ali kutali."

Phala ankalandira kwa ine ndekha, nalonso ndinkayamba ndalawa iwo akuona. Anamwalira masana, pamphasa, pakhonde la nyumba yawo, nkhope atalozetsa kunjira.

Mwezi wathawu ndikuthyola nkhwani m'kadimba kanga ndinaona mtsikana ataima pabwalo pawo. Sindinkamudziwa. Anali atamanga chitenje m'mwamba, mimba yayamba kuoneka, milomo youma. Ndinamupatsa moni, anayankha ndi Chinyanja cha munthu wozolowera Chikunda.

"Ambuya aja alipo?"

"Anamwalira, mwanawe. Chaka chikukwana."

Anayang'ana chitseko.

"Ngati ndi za kusikelo, ndikhoza kukuperekeza ine," ndinatero. "Njira ndimaidziwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso n'kuima pa duku langa la amayi a mumpingo.

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna kusikelo?"

Ndinamuuza dzina langa ndi kumulozera nyumba yanga, kuti akasintha maganizo abwere. Anagwedeza mutu ngati wamva, n'kutembenuka kulowera kumsewu wa kugulosale. Sanabwerenso, ndipo amene ndawafunsa akuti samudziwa.

Achibale a ku Katete anatenga mbuzi, malata ndi diramu, n'kusiya makoma. Palibe amene wapempha malowo kwa amfumu, ngakhale ali pafupi ndi mjigo ndiponso madzi sadikha. Chiswe chakwera chitseko mpaka pakati, ndipo m'chipinda chawo mavu amanga zisa. Ana opita kusukulu amalambalala, amadzera kwanga. Padzala pamene ankataya phulusa ndi masese panamera okha maungu nthawi ya mvula, anayanga mpaka kukwera khoma la khitchini, n'kubereka akuluakulu kuposa a m'munda wa aliyense kuno. Chaka chino chimanga sichinachite bwino, njovu zinadya chotsalacho, ndipo pali mabanja amene akugona ndi njala. Koma maunguwo palibe anathyolapo ngakhale limodzi. Anthu akuti sadziwa chimene chinakwiriridwa pansi pake. Akhwima, apsa ndi dzuwa, ena ang'ambika, ndipo akuwolera pomwepo.